Sikelo imayeza katundu, nanga kutopa kwa dalaivala kumayezedwa ndi ndani?

Nyengo yokolola ikafika, misewu yafumbi ya kwa Kapondo m'boma la Mchinji imakhala piringupiringu. Malole amalowa m'midzi kukanyamula soya, mtedza, chimanga ndi mabelo a fodya kupita nazo kumisika ya ku Lilongwe kapena kunkhokwe za amalonda. Pamsewu waukulu wa M12, womwe umachokera ku Lilongwe kukafika kuchipata cha Mchinji, pamadutsa mathiraki a ngolo zitalizitali opita ndi kuchokera ku Chipata ndi Lusaka m'dziko la Zambia, ena atasenza simenti, ena mbewu ndi katundu wam'sitolo.

Dziko la Malawi lilibe doko la panyanja yamchere, choncho gawo lalikulu la zomwe anthu am'tauni amagula limafika kudzera m'manja mwa madalaivala amenewa. Malamulo okhudza galimoto zawo ndi ambiri ndipo alipo owalondola pamsewu. Malamulo oteteza munthu wogwira chiwongolero nawonso alipo, koma sakhala ndi wowayang'anira pamsewu monga zimakhalira ndi sikelo. Apa ndi pamene pagona mavuto ambiri a ntchitoyi.

Ziphaso za dalaivala

Kuyendetsa galimoto m'dziko muno kumatsata lamulo la Road Traffic Act la 1997, ndipo ziphaso zimaperekedwa ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services. Chiphaso chilichonse chili ndi malire ake. Cha B ndi cha galimoto zing'onozing'ono zosapitirira makilogalamu 3,500. Cha C1 chimalola lole yolemera kufika makilogalamu 16,000 pamodzi ndi katundu wake, pomwe cha C ndi cha lole yoposa pamenepo. Wofuna kuyendetsa thiraki yaikulu yokoka ngolo amafunika chiphaso cha EC.

Pamwamba pa laisensi, amene amayendetsa galimoto ngati ntchito amafunikanso chilolezo chotchedwa Professional Driving Permit. Chilolezochi chimasiyanitsa onyamula katundu wamba, onyamula anthu ndi onyamula katundu woopsa monga mafuta agalimoto. Chimatha mphamvu pakapita nthawi, ndipo cholinga chake n'kutsimikiza kuti munthuyo akadali woyenera, maka pa thanzi ndi maso.

Izi zimakhudza kwambiri anyamata akumudzi omwe amayamba ngati othandizira pa lole, kumanga zingwe ndi kufunditsa katundu, kenako n'kuphunzira chiwongolero kwa dalaivala wamkulu. Ambiri amadziwadi ntchito, koma luso lopanda chiphaso choyenera silimuteteza munthu. Ngozi ikachitika, kampani ya inshulansi imayamba kufunsa ngati woyendetsayo adali ndi chiphaso chogwirizana ndi galimotoyo. Ngati adalibe, chipukutamisozi chimavuta ndipo mlandu umamugwera iye.

Chifukwa chake pali sikelo

Galimoto nayo ili ndi mapepala ake: chiphaso chotsimikiza kuti ili bwino, chomwe ambiri amangochitchula kuti COF, ndi inshulansi. Yotuluka m'dziko imafunikanso inshulansi yovomerezeka kumene ikupitako. Malawi ndi Zambia onse ali m'dongosolo la COMESA Yellow Card, lomwe limalola kuti inshulansi imodzi yoteteza anthu ena pangozi igwire ntchito m'mayiko angapo popanda kugula ina pachipata chilichonse.

Kulemera kwa katundu ndiye kumalondoledwa kwambiri. M'chigawo chino cha Africa mayiko adagwirizana kuti thiraki pamodzi ndi ngolo ndi katundu wake isapitirire matani 56, ndipo mzere uliwonse wa matayala uli ndi malire akeake. N'chifukwa chake galimoto ikhoza kugwidwa pasikelo ngakhale katundu yense ali m'malire, ngati matumba adaunjikidwa mbali imodzi.

Kukhwimitsa kotereku kuli ndi maziko. Kafukufuku wa misewu yemwe adachitika ku America pakati pa 1958 ndi 1960 adaonetsa kuti kuonongeka kwa msewu kumakula msanga kuposa mmene kulemera kukukulira. Mzere wa matayala ukasenza kawiri kuposa muyezo, umaononga msewu pafupifupi ka 16. Matumba oonjezera omwe wamalonda amakakamiza kuti alowe kuti ulendo umodzi ukwane ndi omwe amasanduka maenje pamsewu. Amachedwetsanso mabuleki kugwira ndipo amaphulitsa matayala. Amene amakhala kutsogolo zikavuta ndi dalaivala, osati mwini katundu.

Kudikira pachipata

Mu December 2022, atsogoleri a mayiko awiriwa panthawiyo, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, adatsegula chipata chophatikiza cha Mchinji ndi Mwami, chomwe chidamangidwa ndi thandizo la African Development Bank pansi pa ntchito yotukula njira ya ku Nacala. Cholinga chake n'chakuti galimoto iziima kamodzi kokha, maofisala a mayiko onse awiri, kuphatikizapo a Malawi Revenue Authority ndi Zambia Revenue Authority, n'kumaliza zonse pamalo amodzi.

Komabe nyumba yatsopano sichotsa kudikira konse. Thiraki imachedwa ngati mwini katundu sadalipire msonkho, ngati chilolezo chotulutsira mbewu kunja sichidakwane, kapena ngati makina a intaneti afooka. Zambiri mwa izi sizili m'manja mwa dalaivala, koma ndi iye amene amagona m'galimoto kulondera katundu ndi mafuta, uku ndalama ya chakudya yomwe adapatsidwa ponyamuka ikutha. Akatuluka pachipata amakhala ndi mtunda woposa makilomita 500 kuti akafike ku Lusaka, ndipo mtima umakhala pa kubweza nthawi yotayikayo.

M'madera oyandikana ndi malire mulinso chiyeso china. Pamakhala amalonda ofuna kudutsitsa chimanga, soya kapena feteleza m'njira zamadulira pozemba msonkho ndi zilolezo. Dalaivala wovomera ulendo wotere amalandira ndalama yamsanga, koma akagwidwa ndi iye amene amayamba kulowa m'chitokosi, galimoto n'kulandidwa.

Zomwe lamulo la ntchito limapereka

Dalaivala wolembedwa ntchito ndi wantchito ngati wina aliyense, ndipo lamulo la Employment Act la 2000 limamuteteza. Maola ogwira ntchito pasabata sayenera kupitirira 48, ndipo opitirira apo ayenera kulipiridwa mwapadera. Wogwira ntchito masiku 6 pasabata ali ndi tchuthi cholipidwa cha masiku 18 pachaka, pomwe wa masiku 5 ali ndi masiku 15. Amene watha chaka pantchito akadwala, ndipo dokotala watsimikiza, ali ndi ufulu wopuma masabata 4 akulandira malipiro onse ndi masabata 8 akulandira theka. Lamuloli limaikanso malire pa ndalama zomwe bwana angadule kumalipiro, nkhani yomwe imabuka kawirikawiri mafuta akaperewera kapena katundu akaonongeka panjira.

Lamulo la penshoni, lomwe lidakonzedwanso mu 2023, limalamula wolemba ntchito kusonkha ndalama yokwana 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, wantchito n'kusonkha 5. Limafunanso kuti wantchito akhale ndi inshulansi ya moyo yothandiza banja lake akamwalira. Wovulala pantchito ali ndi ufulu wa chipukutamisozi pansi pa Workers' Compensation Act ya 2000. Madandaulo amayambira ku ofesi ya zantchito ya paboma, ndipo akakanika kumeneko amapita kubwalo la Industrial Relations Court.

Madalaivala a mathiraki alinso ndi malipiro otsikitsitsa awoawo, okwera kuposa a antchito ena, ndipo adawapeza atalimbana. Mu 2021 adanyanyala ntchito pofuna, mwa zina, kuti eni makampani azitsata malipiro a K140,000 pamwezi omwe adakhazikitsidwa kwa oyendetsa mathiraki akuluakulu. Patangopita masiku ochepa, mafuta adayamba kusowa m'malo omwetsera galimoto m'mizinda. Boma lakhala likukweza malipirowa kuchokera nthawi imeneyo, ngakhale kukwera mitengo kwa zinthu kumawadya msanga.

Ufulu wonsewu umayenda bwino pamene pali umboni wakuti munthu adalembedwa ntchito. Apa mpamene dalaivala wa kampani yaikulu amasiyana ndi mnzake woyendetsa lole ya munthu mmodzi m'midzi ya kwa Kapondo. Wachiwiriyu nthawi zambiri amagwirizana ndi mwini galimoto pakamwa pokha, amalipidwa pa ulendo, ndipo nyengo ya zokolola ikatha ntchito nayo yatha. Alibe kalata ya ntchito, pepala la malipiro ngakhalenso nambala ya penshoni. Mgwirizano wapakamwa lamulo limauzindikira, koma kuutsimikiza pamlandu n'kovuta. Kusunga mauthenga a pafoni, umboni wa ndalama zotumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi kabuku kolembamo maulendo, kumathandiza tsiku la mkangano.

Tulo, chinthu chosaoneka papepala

Kulipira pa ulendo kumabala vuto lina. Munthu amene ndalama yake imadalira kuchuluka kwa maulendo amaona kugona ngati kutaya ndalama. Masana amathera pa kudikira kuti katundu apakiridwe, usiku n'kukhala pachiwongolero.

Kafukufuku wa ku Australia adapeza kuti munthu amene watha maola 17 osagona amachedwa kuganiza ndi kuchitapo kanthu mofanana ndi amene wamwako mowa, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi woledzera mopitirira malire a lamulo m'mayiko ambiri. Thiraki yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Dalaivala akasinza masekondi anayi okha, galimotoyo yayenda mamita pafupifupi 90 popanda woiwongolera, mtunda wotsala pang'ono kufanana ndi bwalo la mpira. Pamsewu wodutsa m'misika monga Kamwendo ndi Namitete, momwe mumadzaza akabaza ndi ana asukulu, mtunda umenewu ndi wokwanira kubweretsa maliro.

Mayiko ena adaika muyezo pa nkhaniyi. Pangano la bungwe loona zantchito padziko lonse la International Labour Organization la 1979 limati dalaivala asayendetse maola oposa 4 osapumira, ndiponso asapitirire maola 9 patsiku. M'mayiko a European Union dalaivala amayenera kupuma mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka, ndipo thiraki imakhala ndi kachida kolemba nthawi yomwe yayenda ndi kuima, komwe apolisi amakawerenga. Kuno makampani ena akuluakulu, maka onyamula mafuta, amalondola galimoto zawo ndi zida za GPS ndipo amaletsa kuyenda usiku. Koma pamsewu, wapolisi amatha kuona laisensi, matayala ndi fungo la mowa. Sangathe kudziwa kuti munthuyo adagona liti.

Zakumwa zopatsa mphamvu ndi khofi zimangobisa tulo kwa kanthawi. Mankhwala enieni a kutopa ndi kuimika galimoto pamalo otetezeka ndi kugona, ndipo zimenezi zimafuna malo oimikapo omwe ali ndi alonda, madzi ndi zimbudzi.

Matenda a pachiwongolero

Kukhala pansi maola ambiri, kudya zokazinga zam'mbali mwa msewu ndi kusagona mokwanira kumaitana kunenepa, matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi msana. Kuthamanga kwa magazi n'koopsa chifukwa munthu amatha kukhala nako zaka osamva kupweteka kulikonse. Ena amachepetsa kumwa madzi kuti asamaimeime, zomwe zimavutitsa impso. Kugona m'galimoto popanda masikito kumawaika pachiopsezo cha malungo.

Kukhala kutali ndi banja kwa masabata kumaonjezeranso chiopsezo cha HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana. Vutoli ndi lomwe lidachititsa kuti mu 2005 kuchipata cha Mwanza kutsegulidwe kachipatala ka m'mbali mwa msewu, komwe kadakhala chiyambi cha ntchito ya bungwe la North Star Alliance m'mayiko ambiri a mu Africa. Nzeru yake idali yakuti dalaivala sangasiye thiraki yodzaza katundu kukaima pamzere kuchipatala cha boma, choncho chithandizo chiyenera kumupeza pomwe waima.

Lero zipatala za boma zimapereka ma ARV a miyezi ingapo nthawi imodzi kwa amene akumwa bwino, zomwe zimathandiza woyenda maulendo ataliatali. Palinso mankhwala oteteza a PrEP, komanso a PEP omwe ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 munthu atakhala pachiopsezo. Ambiri amazengereza kuyezetsa shuga, maso kapena magazi poopa kuti bwana akadziwa ntchito itha. Akuluakulu adati mbewa yamanyazi idafera kuuna: matenda opezeka msanga amalola munthu kupitiriza ntchito, pomwe obisidwa amadzaonekera pachiwongolero.

Udindo wa onse

Dalaivala ali ndi gawo lake: kukhala ndi ziphaso zoyenera, kukana katundu wopitirira muyezo, kupewa mowa ndi kuyezetsa thupi. Koma sangakane yekha ngati kukanako kumutayitsa ntchito. Eni galimoto ndiwo amaika nthawi yofikira ndi njira yolipirira. Eni katundu ndiwo amachedwetsa mapepala ndi kukakamiza matumba oonjezera. Boma ndilo lili ndi mphamvu yotumiza oyendera zantchito kumakampani a zamtengatenga, kuona ngati penshoni ikusonkhedwa, ndi kumanga malo opumira m'misewu ikuluikulu. Mabungwe a madalaivala, monga Professional Drivers Union of Malawi, ali ndi ntchito yofikira ngakhale oyendetsa malole am'midzi omwe sadziwa kuti malamulowa amawakhudza.

Mtengo wa thumba la simenti kapena lita ya mafuta umaphatikiza msonkho, matayala ndi phindu la wamalonda. Ngati suphatikiza tulo, tchuthi ndi penshoni ya woyendetsa, ndalama yotsalayo imadzalipidwa ndi banja lake komanso ndi anthu ena oyenda pamsewu womwewo.