Zakale ndi Udani wa Mabanja m'Nkhani Yaifupi ya Saki

Nkhani yaifupi ilibe malo olongosolera zaka zambirimbiri, komabe kaŵirikaŵiri mkangano wake umakhala utayamba kale woŵerenga asanafike. Pepala lino likuona m'mene H. H. Munro, wodziŵika ndi dzina loti Saki, adachitira ndi vuto limeneli m'nkhani yake yotchedwa The Interlopers, imene idatuluka m'buku m'chaka cha 1919, mwini wake atafera kale kunkhondo mu 1916.

Zonse zikuchitika usiku umodzi wachisanu m'nkhalango ya kumapiri a Carpathian. Ulrich von Gradwitz ndi Georg Znaeym akusakana ndi mfuti chifukwa cha kachigawo ka nkhalangoyo, kamene bwalo la milandu lidapatsa banja la Ulrich m'masiku a agogo ake, a kwa Znaeym nakana kugonjera chigamulocho. Mlembi akutiuza kuti kamaloko kadalibe ndi nyama zambiri zomwe. Chimene amuna aŵiriwa akuteteza, tsono, ndi udani umene adaulandira ngati choloŵa.

Kwa ife ofufuza chiyankhulo, chokopa ndi nthaŵi za aneni. Mbiri ya mlanduwo Saki adaipanikiza kumayambiriro, pogwiritsa ntchito nthaŵi imene Chingerezi chimaisonyeza ndi liwu loti had, pamene zochitika usikuwo zili m'nthaŵi yakale wamba. Chicheŵa nacho chimasiyanitsa: "adali atalanda" si chimodzimodzi ndi "adalanda". Womasulira amene angaike aneni onse mu -da- yekha adzasakaniza mlandu wa agogo ndi zochita za adzukulu, ndipo woŵerenga sadzazindikira zimene amunawa adazipeza pobadwa ndi zimene akuzisankha okha.

Mtengo utawagwera ndi kuwapanikiza pamodzi, Ulrich akumuitanira mdani wakeyo vinyo, Georg nakana. Kenaka Ulrich akumutchula kuti mnansi. Pakamwa pa munthu wina liwu limeneli likadangopita osamveka. Pano likulemera chifukwa cha mibadwo itatu ya chidani imene tauzidwa kale. Kwa ine kuyanjana kwawo kukufulumira pang'ono, koma m'masamba ochepa chotere mlembi adalibe pozengereza.

Aŵiriwo akufuula pamodzi kuitana anyamata awo. Zimene zikutsika m'phiri ndi mimbulu, ndipo kumabanja onse aŵiri kulibe amene wamva kuti udani watha.