Kofesa Ndalama m'Chigwa cha Domasi

Abale anga amene mwasunga kandalama, nimufunsa koti mukafese, ine ndikulozerani ku chigwa cha Domasi, kumene mtsinje wotsika m'phiri la Zomba umathirira minda ya mpunga usanakathire m'nyanja ya Chilwa. Popeza nyanjayo inaphwa mu 1995 ndiponso mu 2018, nisiya asodzi manja ali m'khosi, nsomba za m'maiwe zasanduka chuma, ndipo mbewu ya makumba ndi chilunguni ili pafupi, ku National Aquaculture Centre. Koma chondiwawa mtima n'chakuti mlimi amagulitsa mpunga wosapuntha kwa mavenda pamtengo wozizira, phindu n'kupita kwina. Walira mvula walira matope, pakuti chigayo chopunthira mpunga chimafuna magetsi ndi chipiriro. Komabe ndikupemphani, mangani chigayo ndi nkhokwe kuno.