NYUMBA ZOFUNDITSIDWA NDI NTHUNZI

M'Zambia mumazizira m'miyezi ya Juni ndi Julayi, koma mbaula imodzi ikwanira kufunditsa banja lonse. Ku New York, mzinda waukulu wa ku America, kuzizira kwace nkoopsa. Mu Januwale madzi amauma gwa ngati mwala, ndipo munthu wogona m'nyumba yopanda moto angathe kufa. Cifukwa cace lamulo la mzindawo liti, kuyambira pa 1 Okutobala kufikira pa 31 Meyi, mwini nyumba ayenera kufunditsa zipinda za anthu olipira lendi. Kunja kukazizira, kufunda kwa m'cipinda usana kusacepere madigiri 20.

Nyumba zambiri za kumeneko nzosanjikizana, ndipo zakale zambiri zimafunditsidwa ndi nthunzi. Kunsi kwa nyumba kuli cimphika cacikulu cacitsulo, dzina lace boila. Kale ankasonkhapo malasha, koma lero amatentha mafuta kapena gasi. Madzi akafika pa madigiri 100 amawira, nasanduka nthunzi. Nthunzi imafuna malo akulu: kapu imodzi ya madzi ipatsa nthunzi yodzaza makapu ngati 1,700. Posowa malo m'boila, nthunziyo imathamanga m'mipope, nikwera kufikira kuzipinda.

M'cipinda ciri conse muli citsulo camphako, ca nthiti zambiri, cochedwa rediyeta. Nthunzi ikakhudza citsulo cozizira imasandukanso madzi, monga madontho amene aoneka kunsi kwa cibvundikiro ca mphika wa ndiwo. Posandukapo imasiya kutentha kwace m'citsulomo, ndipo citsulo cimafunditsa cipinda. M'nyumba zambiri madziwo amabwerera ku boila podzera mumpope womwewo umene nthunzi inadzera.

Koma nthawi zina kutentha sikufika mofanana. Banja lokhala pafupi ndi boila limatsegula mazenera cifukwa ca thukuta, pamene ana a m'cipinda cakutali alikugona cobvala majekete. Munthu wosadziwa amati, "Onjezani moto!" Potero mafuta amangotha, apafupi napsa koposa, akutali nakhalabe ozizidwa. Mmisiri wanzeru sayamba ndi moto. Amayenda motsata mpope, kuti aone pamene kutentha kwalekeza, nadzifunsa mafunso awiri: Kodi mpweya ulikuturuka? Kodi madzi alikubwerera?

Funso loyamba ndi la mpweya. Moto ukazima, mipope sikhala yopanda kanthu ai, imadzala mpweya. Botolo likamizidwa m'madzi cozondoka silidzala, popeza mpweya wa m'kati mwace ulibe poturukira. Momwemonso nthunzi singathe kulowa m'rediyeta mpweya usanaturuke. Ndico cifukwa cace pambali pa rediyeta pali kacitsulo kokhala ndi kaboo. Mpweya wozizira umaturukira pamenepo ndi kamluzu, koma nthunzi yotentha ikafika, kabooko kamadzitseka kokha. Kakatsekeka ndi dzimbiri kapena penti, rediyeta imakhala yozizira ngakhale boila iwire tsiku lonse. Pamenepo mmisiri amakatsuka, kapena kuikapo kena katsopano.

Kukula kwa tiboo nakonso kuli ndi kanthu. Nthunzi imathamangira kumene mpweya uturuka msanga, ndipo mpope wautali uli ndi mpweya wambiri koposa waufupi. Tiboo tonse tikalingana, zipinda zapafupi zimafunda kale zakutali zisanalaweko. Tsono mmisiri amaika tiboo tating'ono pa marediyeta apafupi, ndi tokulirapo pa akutali, ndi ena akulu ndithu kumapeto kwa mipope yaikulu ya kunsi kwa nyumba. Akatero, nthunzi imafika ku zipinda zonse pa nthawi yofanana.

Funso laciwiri ndi la madzi. Madzi sayenda cokwera, kotero rediyeta iyenera kupendekera pang'ono ku mpope wace. Nyumba ikakalamba, matabwa apansi amatitimira, ndipo rediyeta imapendekera kwina. Madzi amaima m'kati natsekereza njira. Nthunzi ikawapeza imawaponya pa citsulo mwamphamvu, ndipo m'nyumba mumamveka phokoso ngati la nyundo: gu! gu! gu! Mankhwala ace ngapafupi. Mmisiri amaika timatabwa kunsi kwa miyendo ya mbali ya kaboo, kuti madzi atsetserekere kwao.

Pa khomo la rediyeta palinso cotsegulira conga ca pampopi wa madzi. Anthu ena akamva kutentha amacitseka mwatheka, poyesa kuti acepetsa nthunzi. Kumeneko nkulakwa. Nthunzi yolowa ndi madzi oturuka zimalimbana pa njira yopapatiza, monga ng'ombe ziwiri zokomana pa khomo la khola. Cotsegulira cikhale cotsegula kotheratu, kapena cotseka kotheratu.

Mmisiri amayang'ananso mipope ya kunsi kwa nyumba. Iyenera kukulungidwa ndi zofunditsa, pakuti mpope wosakulunga umataya kutentha panjira, ndipo nthunzi imasanduka madzi isanafike kumene ifunika.

Nchito zonsezi zimacitika moto utazima ndi zitsulo zitazizira. Nthunzi imaocha koopsa kupambana madzi owira, cifukwa cace ana a m'nyumba zotere amalangizidwa kuti asamaseweretse kaboo kapena cotsegulira. Mpweya ukapeza poturukira, madzi napeza pobwerera, moto wocepa umakwanira nyumba yonse, ndipo mwana wa m'cipinda cakutali amagona tulo mofunda ngati mnzace wapafupi.

MAFUNSO

1. Kodi nthunzi imafunditsa bwanji rediyeta?
2. Cifukwa ninji botolo lozondoka silidzala madzi?
3. Kodi kaboo kakukulu kayenera kuikidwa pa rediyeta iti?
4. Fotokozani cimene cicititsa phokoso la m'mipope.
5. Cifukwa ninji kuonjeza moto sikuthandiza a m'cipinda cakutali?