MPHUNZITSI AMENE ANATI FUNSANI KACIROMBO

Ena a inu mumadandaula poona ana a sukulu alikutola tizirombo, kapena alikubzala nyemba m'zitini, ndipo mumati, “Kodi ana awa tinawatumiza ku sukulu kukasewera?” Lero tikufotokozereni za mphunzitsi wina wa sayansi, dzina lace Jos Elstgeest, kuti muone phindu la nchito yotereyi.

Bambo Elstgeest anali wa ku Holland, ndipo m'zaka za m'ma 1960 anali kuphunzitsa pa sukulu ya aphunzitsi ku Morogoro, m'dziko la Tanzania. M'caka ca 1965 kunayamba bungwe la African Primary Science Program, lofuna kukonza maphunziro a sayansi m'masukulu a ana. Linagwira nchito m'maiko asanu ndi awiri: Ghana, Kenya, Malawi, Nigeria, Sierra Leone, Tanzania ndi Uganda. Kuno kwathu malo ace anali ku Domasi. Bambo Elstgeest anali mmodzi wa olemba maphunziro a bungweli.

Phunziro lace lomveka koposa ndilo la m'kabuku ka Ask the Ant Lion. Kacirombo kameneka nonse mukadziwa: ndi kaja kamakumba tizenje tozungulira m'mcenga wouma m'mbali mwa nyumba, ndi kubisala pansi kudikira nyerere kuti igweremo. Ana akafunsa kuti kamadya ciani, kamakumba bwanji, kapena ngati kangathe kukumba m'ufa, mphunzitsi sanali kuwauza yankho ai. Anali kuwauza kuti akafunse kacirombo komweko. Pamenepo ana anali kukaika m'mbale ya mcenga, ya ufa ndi ya timiyala, ndi kupenyetsetsa cimene kacite. Motero anaphunzira kufunsa, kuyesa ndi kuyerekeza, popanda zipangizo zogula ndi ndalama.

Pambuyo pace Bambo Elstgeest anakhala mlangizi wa aphunzitsi. M'caka ca 1992 iwo ndi Mai Wynne Harlen a ku Britain analembera bungwe la UNESCO buku lothandiza aphunzitsi a sayansi m'maiko ambiri. Mau ao akuru anali akuti funso labwino ndi lija limene mwana angathe kuliyankha pocita kanthu ndi manja ace ndi kuona ndi maso ace.

Musayese kuti njira imeneyi ndi ya ana okha. Kale tiyi wa kuno ku Mulanje anagwidwa ndi nthenda yoopsya: masamba anali kusanduka acikasu ndi kucepa, ndipo mitengo inali kufa. Akatswiri awiri, H. H. Storey ndi R. Leach, sanangoganizira. Anathira mankhwala osiyanasiyana pa mitengo yodwala, yina naisiya osathira kanthu, nayerekeza. M'caka ca 1933 analengeza kuti cosowa m'nthaka cinali sulfure, amene apezeka m'fetereza uja wa salifeti. Iwo anafunsa mtengo wa tiyi monga momwe ana aja anafunsira kacirombo. Ndiyo nchitonso imene bungwe la Tea Research Foundation linakhazikitsidwira pa Mimosa m'caka ca 1966.

Nanga inu mungacitepo ciani? Coyamba, musam'kalipire mwana wofunsafunsa, pakuti safunsa anadya phula. Caciwiri, inu mafumu, mphunzitsi akapempha kamunda koyeserapo mbeu pafupi ndi sukulu, m'patseni, ndipo muuze anthu anu kuti asalowetsemo mbuzi. Cacitatu, yesani nokha. Mlangizi akabwera ndi mbeu yatsopano ya cimanga kapena ya nandolo, musaikane, ndiponso musadzaze nayo munda wonse. Bzalani mizere khumi ya mbeu yatsopano ndi mizere khumi ya mbeu yakale, pa nthaka yofanana, tsiku limodzi, ndi kupalira mofanana. Pokolola muyese zonse ndi dengu limodzi, ndipo mwana wa sukulu alembe ciwerengero cace.

Minda kuno ku Mulanje ndi yocepa, ndipo mcikumbe amene alakwitsa mbeu pa munda wonse agona ndi njala caka cathunthu. Mwana wozolowera kuyesa cinthu asanacikhulupirire adzasunga bwino munda umene mudzam'siyire.