Ku Sutton Park amasamala chilengedwe podula mitengo

Mmalawi wozolowera nyengo yodzala mitengo akhoza kugwira pakamwa atafika ku Sutton Park, kumpoto kwa mzinda wa Birmingham ku England. Kumeneko oyang'anira nkhalango amadula mitengo ing'onoing'ono ya birch mwadala, ndipo amati akuteteza chilengedwe.

Malowa ndi aakulu maekala 2,400, ndipo mbali yake yaikulu ndi tchire lapamtunda, lamchenga ndi miyala. Mvula imagwa yambiri ku England, koma dothi lotere silisunga madzi komanso lilibe chonde. N'chifukwa chake pamamera zitsamba zofupika zopirira ludzu: heather, yomwe mu Ogasiti imachita maluwa ofiirira ponseponse, ndi gorse waminga wamaluwa achikasu. M'menemo mumabisala abuluzi, agulugufe ndi mbalame zoikira mazira pansi.

Khasu silinalowemo kwenikweni. Mu 1528 Mfumu Henry VIII inapereka malowa kwa anthu a ku Sutton Coldfield, Bishopu John Vesey atachonderera, ndipo kuyambira pamenepo anthu ankadyetsamo ziweto ndi kutolamo nkhuni. Ngakhale msewu umene Aroma analambula zaka pafupifupi 2,000 zapitazo ukuonekabe.

Ziwetozo ndi zimene zinkaletsa mitengo kukula. Zitachepa, nkhalango inayamba kulowerera, ndipo moto wolusa wa m'chilala cha 1976 unasiya mpata woti birch amere mothinana. Mthunzi ukangofika, heather amafa, ndipo zamoyo zake zimatha naye. Britain yense wataya pafupifupi magawo 80 pa 100 a tchire lotere chiyambire 1800, kwina chifukwa cha minda ndi nyumba, kwina chifukwa chongolisiya.

Mu 1997 Sutton Park inalowa m'gulu la malo otetezedwa a dziko lonse, ndipo mu 1999 kunabwera timahatchi ta mtundu wa Exmoor, taubweya wambiri, tosaopa chisanu. Ntchito yawo ndi kudya basi. Amabudula udzu wolimba ndi mphukira za mitengo, ng'ombe n'kumathandiza m'chilimwe. Anthu othamanga ndi oyendetsa agalu amangowalambalala. Kuwapatsa chakudya n'koletsedwa, ngakhale alipo ena osamva.

Chakumpoto pang'ono, ku Cannock Chase m'boma la Staffordshire, tchire lomweli ndi lotakata, ndipo muli nyama zonga agwape komanso njoka ya adder, yokhayo yaululu m'dzikomo. Mlendo wolemekezeka kumeneko ndi lumbe. Mbalameyi imafika mu Meyi, imaikira mazira pa dothi poyera, imasaka tizilombo madzulo, kenako imabwerera ku Africa kumwera kwa Sahara kuzizira kukayamba. Galu mmodzi womasulidwa pachingwe akhoza kuononga chisa cha chaka chonse.

Amene anafikako ku Nyika sangadabwe kwambiri. Kumtunda kuja, mamita oposa 2,000, mbidzi, chilembwe ndi nchefu zimadalira udzu wa poyera, ndipo oyang'anira amatentha tchire msanga kuti moto wa m'chilimwe usapsereze zonse. Ndipo chomera cha bracken chomwe chikulanda malo odyera nyama ku Nyika n'chomwechonso chimene ogwira ntchito ku Sutton Park amalimbana nacho chaka ndi chaka.