MLENDO WA KALUMO KAKUTHWA: MBIRI YA DENNIS SARFATE

Ku America ndi ku Japan kuli masewera ochuka a baseball. Pamakhala magulu awiri, gulu liri lonse anthu 9, ndipo amalandirana: munthu wa gulu lina aponya kampira kolimba, wa gulu linzace nayesa kukamenya ndi cibonga. Masewera onse ali ndi zigawo 9. Woponya woyamba akatopa, mnzace amadzamlandira. Koma pali mmodzi amene amamsunga kufikira cigawo cotsiriza, pamene gulu lace liri patsogolo pang'ono pokha. Akagwira bwino, amati wapulumutsa masewera. Akaphonya, thukuta la anzace onse lapita pacabe.

Nchito imeneyi ndiyo ya Dennis Sarfate, amene anabadwira ku New York m'caka ca 1981. Kucokera mu 2006 kufikira 2009 anasewera m'magulu akuru a Milwaukee, Houston ndi Baltimore. Dzanja lace linali lamphamvu ndithu, koma kawiri-kawiri mpira sunali kupita pamene iye anafuna. Cotero caka conse ca 2010 anakhala m'gulu laling'ono.

Mu 2011 anaoloka nyanja kukafuna nchito ku Japan. Anayamba ku Hiroshima, napita ku Seibu Lions, ndipo mu 2014 analembedwa ndi SoftBank Hawks a ku Fukuoka. Kumeneko anaphunzira kulunjika mpira, ndipo omenya anayamba kumuopa. Mu 2017 anapulumutsa masewera 54. Kale lonse m'Japan panalibe anapitirira 46 pa caka cimodzi.

Tsiku lace lalikuru linali 4 November, 2017, polimbirana cikho ca dziko lonse ndi gulu la Yokohama. Munthu wa nchito yace amaponya cigawo cimodzi cokha, cifukwa amathira mphamvu zace zonse pa mpira uli wonse. Koma usiku umenewo magulu analingana, masewera natalika, ndipo Sarfate anaponya zigawo zitatu osalola adani kuonjeza kanthu, kufikira anzace anapambana 4 kwa 3. Anapatsidwa mphotho ya Shoriki, imene wosewera wacilendo anali asanailandirepo. Akuru amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Koma thupi liri ndi malire. Mu 2018 anapweteka m'cuuno, madokotala namcita opareshoni, ndipo sanabwererenso mwakale. Ku Japan kuli bungwe la ulemu la osewera akuru, limene woponya amalowamo akapulumutsa masewera 250. Sarfate anafika pa 234, natsala ndi 16 okha. Anayesetsa zaka zitatu kuti acire, koma zinakanika, ndipo mu 2021 analeka masewera. Kwao ku America sanapulumutse masewera akuru ngakhale amodzi; ku Fukuoka ndiko anthu akumbuka dzina lace.