Kusankha Gitala ya Magetsi kwa Wophunzira

Masiku ano achinyamata ambiri a m'midzi, makamaka a m'makwaya ndi a m'masukulu, akufuna kuphunzira kuimba gitala ya magetsi. Tsono makolo ndi aphunzitsi ayenera kudziwa kasankhidwe kake, pakuti ndalama za fodya kapena za mtedza zikapita pa gitala yoipa sizibweranso.

Poyamba timve m'mene imagwirira ntchito. Gitala wamba ili ndi mimba yamphako imene imakuza mawu. Koma ya magetsi kawirikawiri thupi lake ndi thabwa lopanda mphako, ndipo payokha imalira motsitsa kwambiri. Kunsi kwa nsambo zake kuli timaginito tokulungidwa ndi waya wamkuwa woonda ngati tsitsi. Oimba amatitcha mapikapu. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, m'wayamo mumabadwa mphamvu ya magetsi yochepa ndithu, imene imayenda m'chingwe kunka ku amplifaya, bokosi lija lokhala ndi sipika. Nchifukwa chake nsambo za nayiloni sizigwira ntchito pa gitala yotere.

Kotero musamalize ndalama zonse pa gitala yokha. Musiyeko za amplifaya, za chingwe ndi za nsambo zapadera. Amplifaya ya mawati 10 kapena 15 imakwanira kuphunzirira m'nyumba. Kumene kulibe magetsi, funsani amplifaya yoyendera mabatire, monga Roland Micro Cube, kapena gwiritsani ntchito sola yokhala ndi invetara. Chenjerani ndi amplifaya zochokera ku America. Zambiri zinapangidwira mavoti 120, pamene magetsi a ku Malawi ndi a mavoti 230, ndipo mukangoilumikiza ku khoma ipsa nthawi yomweyo. Werengani zolembedwa kumbuyo kwake musanalipire.

Za mayina tinene pang'ono. Kampani ya Gibson ya ku America inatulutsa gitala yotchedwa Les Paul mu 1952, ndipo ya Fender inatulutsa Stratocaster mu 1954. Magitala amenewa ndi okwera mtengo, sayenera wophunzira. Koma makampani omwewo ali ndi magitala otsika mtengo ofanana nawo maonekedwe: a Fender amatchedwa Squier, a Gibson amatchedwa Epiphone. Kampani ya Yamaha ya ku Japan nayonso ili ndi Pacifica, imene ambiri amayambira. Munthu akakuonetsani gitala yolembedwa Fender pa mtengo wa mbuzi imodzi, kayikani, pakuti dzina amangomata.

Chachikulu ndicho kuiyesa ndi manja, makamaka ikakhala yogwirapo kale ntchito. Tengani mnzanu wodziwa kuimba. Yang'anani khosi lake kuchokera kumutu, monga achitira mmisiri wa matabwa poona ngati thabwa lawongoka. Khosi lopotoka kapena losweka pafupi ndi mutu, isiyeni gitalayo ngakhale atsitse mtengo chotani. Pakhosipo pali tizitsulo topingasa totchedwa mafreti, kawirikawiri 21 kapena 22. Werengani kufika pa kachitsulo ka nambala 12, muone mpata wa pakati pa iko ndi nsambo. Uyenera kukhala ngati mamilimita 2, ndiko kunena kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Mpata ukakula, zala za mwana zimapweteka, ndipo ambiri amaleka kuphunzira chifukwa cha chimenechi, namayesa kuti alibe luso. Ukachepetsa, nsambo zimagunda tizitsulo ndi kumalira ngati njuchi. Mwayi wake, mpata umenewu mmisiri wa magitala angathe kuukonza.

Pamalo omwewo pali mayeso ena. Lizani nsambo osaigwira, kenaka muidinde pa freti ya 12 ndi kuilizanso. Mawu achiwiriwo akhale omwe aja koma okwera, monga do wapansi ndi do wapamwamba. Aphunzitsi a kwaya adzamva msanga ngati asiyana.

Mukatero ilumikizeni ku amplifaya. Potokolani timabatani tonse, sunthani kasiwichi kosinthira mapikapu, ndipo gwedezani chingwe pamene chalowera. Kuthetheka kapena kuduka kwa mawu kukusonyeza kuti mawaya a m'kati amasuka. Kulira kwa "mmm" kwapansipansi si vuto pa mapikapu a koyilo imodzi, ndi chibadwa chawo. A makoyilo awiri, otchedwa humbucker, anapangidwa kuti athetse phokosolo. Magitala ena ali ndi kandodo kachitsulo kogwedezera mawu. Achinyamata amakakonda, koma pa gitala yotsika mtengo kamasokoneza machunidwe a nsambo, ndipo ife tiona kuti wophunzira angachite bwino popanda iko.

Nsambo zadzimbiri zisakuopseni, zimasinthidwa. Zilipo 6, ndipo zimachunidwa E, A, D, G, B, E kuyambira yonenepa. Kwa woyamba pemphani zoonda, zimene m'sitolo amati za nambala 9, ndipo muzipukute ndi kansalu kouma mukatha kuimba, makamaka nyengo ya dzinja.